Chiwongolero cha Kachiwala

Atate anga, a Nason Daka, ndi munthu amene mungakangane naye kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa m'khola, inu n'kutopa, iwo akadali pa mfundo yoyamba ija. Ine Towela, mwana wawo wachiwiri, ndinatengera mutu womwewo, choncho pakhomo pathu sipankasowa phokoso. Koma mkangano wa chaka chatha unali wamtundu wina. Unali wa chiwongolero cha kathirakitala kawo, ndipo chiwongolerocho ndicho chinali kudzagamula ngati atate akhalebe pamunda pawo kapena asamuke.

Atate anachoka ku Chadiza ali mnyamata, bulangete kukhwapa. Anapeza ntchito pa famu ya ng'ombe za mkaka kufupi ndi Palabana, poyamba yotsuka zitini za mkaka, kenako ya m'dimba la mwini famuyo. M'dimbamo munali kathirakitala kakang'ono kobiriwira, kolekeza m'chiuno mwa munthu, kokhala ndi mpando wachitsulo wobowokabowoka. Mwini famu atakalamba n'kugulitsa zonse, ogula anatenga ng'ombe ndi mathirakitala aakulu, kakang'onoko n'kungokaseka. Atate anakapempha, nakakankha okha mpaka pamalo amene eni dera, Asoli, anawapatsa kuti azilimapo. Anthu anakatcha Kachiwala, chifukwa cha mtundu wake ndiponso kudumphadumpha kwake kakamayenda pamabuma.

Kachiwala ndiko kanatilera. Kanalima chimanga, repu, tomato ndi impwa. M'mawa kankakoka kangolo konyamula zitini za mkaka za aneba kupita nazo kumsewu. Kananyamulapo odwala, kananyamulapo akwati, kananyamulapo ndi bokosi la maliro pamene galimoto inakanika kudutsa matope. Koma chimene atate ankanyadira si zimenezi ayi. Ankanyadira mizere. Munda wathu uli m'mbali mwa msewu, ndipo anthu a m'minibasi ankatulutsa mitu pawindo kuloza mizere ya a Daka, yowongoka ngati anachita kukoka chingwe. Nthawi imene ankandiphunzitsa kuyendetsa, lamulo linali limodzi, ndipo ankalibwereza mpaka kukwiyitsa.

"Osayangana pansi, osayangana matayala. Sankha chinthu chimozi kutsogolo, chulu olo mutengo, maso pamenepo chabe. Manja yazaziba yeka vochita."

Kumapeto kwa munda wathu kuli chulu chachikulu, ndipo kuseri kwake, chakumanzere, kuli ngalande imene madzi a mvula anakumba. Chulucho ndicho chinali chizindikiro cha atate kwa zaka zambiri.

Amayi, a Rosaria, m'zaka zawo zomaliza anayamba kachizolowezi kamene kankandiseketsa. Atate akangoliza Kachiwala kuti alime, iwo ankatenga beseni lawo loyera, kulisenza pamutu, n'kupita kumapeto kwa munda, ati kukathyola ndiwo. Ndiwo zake ziti m'munda wouma wa Novembala? Ankaima kumeneko dzuwa lili pamutu, n'kumasuntha pang'onopang'ono, kenako n'kubwerera ndi timasamba tosadzaza dzanja. Ndikawaseka ankangoti, "Iwe samala vako." Amayi anatisiya m'nyengo yozizira ya chaka chinacho, ndipo beseni lija linakhala lotsukiramo mbale.

Dzinja lotsatira mizere ya atate inayamba kuyenda ngati munthu wochokera kumowa. Tinati ndi chisoni, chidzatha. Kenako anagunda mtengo wa pageti. Kenako, m'mawa wina atanyamula mkaka, anapatuka pamsewu wowongoka bwinobwino n'kugwera m'ngalande ya m'mbali, kangolo n'kutembenuzika, mkaka wa anthu n'kuthera m'dothi. Iwo anatuluka ndi nthiti zopweteka ndi bondo losupuka, akutukwana chiwongolero.

Mlongo wanga Ricky, mkulu wathu, anafika madzulo a tsiku lomwelo. Ricky amagwira ntchito ku Lusaka ndipo anamanga nyumba ku Silverest, yozunguliridwa ndi mpanda wanjerwa, bwalo lonse lothira simenti, popanda ndi pobzala tsabola pomwe. Si munthu woipa, ndinene zoona. Anali atawamangira kale atate chipinda chawochawo, chokhala ndi chimbudzi momwemo. Koma ine ndinkadziwa kuti atate akakhala kuseri kwa geti lachitsulo lija, opanda dothi loti agwire, sadzachedwa kutsatira amayi.

"Atate, ivi vakwana manje," anatero Ricky. "Lelo ni nthiti, mailo ni mukosi. Chipinda chanu chilipo, tiyeni."

"Ine nilibe mulandu," anayankha atate. "Ni sitelingi. Yenda ukaigwire uone."

Ricky anapita kukagwira, ndipo atate sananame. Chiwongolero chinkazungulira pafupifupi theka lonse matayala akutsogolo asanamve kanthu. Unkachita kuchipukusa uku ndi uku ngati ukupeta ufa. Apo m'pamene ine ndinalumphira nkhani, pakamwa panga posadikira mutu monga mwa nthawi zonse.

"Ba Ricky, ngati ni sitelingi nizaikonza ine. Mvula ikagwa alime, imwe mulipo. Muzere ukaongoka, muwasiye pamunda pao."

Ricky anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukapindika?"

"Ukapindika mubwere na motoka."

"Chabwino. Kulibe kukamba futi."

Atate anali atatembenuzira nkhope kumbali, akusisita bondo. Ine ndinati avomera, ndipo ndinagona ndikudzitama kuti ndawapulumutsa.

Ntchito ya zitsulo ndimaidziwa. Ukwati wanga utatha ndinabwerera pakhomo, ndipo ndimadya za kukonza njinga, mapampu a madzi ndi zigayo, zonse ndinaphunzira kwa atate omwewo. Ndiye ndinkayembekeza kuti m'mawa mwake adzandidzutsa okha, masipanala ali m'manja. Ayi ndithu. Tsiku loyamba anati kwatentha. Lachiwiri anati nthiti. Kenako anati zitsulo za Kachiwala zinatha kalekale m'masitolo, palibe angazipeze. Kenako bokosi la masipanala linasowa, ndipo ndinakalipeza m'nkhokwe, lokwiriridwa ndi zitsononkho.

"Atate, ni makoswe yanapeleka kuja?"

"Kachiwala sikafuna manja yachilendo," anatero, osachita ndi manyazi omwe.

"Manja yanga yakhala yachilendo liti?"

Mtima wanga unawira. Okutobala anali atafika pakati, nyenje zikulira m'mitengo, kumwamba kutayamba kusonkhana timitambo masana, ndipo munthu amene ndinkamumenyera nkhondo ndiye amene ankandikola miyendo. Ndinaganiza kuti ndi nkhanza za ukalamba, zosafuna kuti mwana wamkazi awaonetse ntchito. Tsiku lina atapita ku msonkhano wa madoda a kutchalitchi, ndinakankhira Kachiwala pansi pa mtengo wa mango, ndinayala thumba, n'kuyamba kumasula.

Chiwongolero cha kathirakitala kotere sichovuta kumvetsa. Kuchokera pa gudumu limene umagwira pamatsika mtengo wachitsulo, kumapeto kwake kuli kagiya kakang'ono. Kagiyako kamaluma mano a chitsulo china chonga theka la mbale, ndipo chitsulocho chimakankha ndodo yopita ku matayala. Basi. Koma zimene ndinapeza m'kati mwa Kachiwala zinali mbiri yonse ya banja lathu. Panali malegeni, timizere ta chubu cha njinga tomangira ndodo kuti isagwedere. Panali waya wa mpanda. Panali tizidutswa ta chitini cha mafuta ophikira tolowetsa m'mipata, zilembo zikuonekabe. Pamene panayenera kukhala pini panali msomali wopinda. Bushi, kamkombero kamene mtengo wa chiwongolero umazunguliramo, kanali katadyeka mpaka bowo lake kukhala ngati dzira. Ndinaseka ndekha, kenako ndinachita mantha poona kuti munthu wakhala akuyenda pamsewu ndi zinthu zotere.

Atate atabwera anaima kumbuyo kwanga, napuma mwamphamvu.

"Wamasula."

"Namasula."

Analowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanadye bwino.

Zitsulo zodyekazo ndinazikulunga m'chitenje chakale n'kukwera nazo minibasi kupita ku Chongwe, kwa ba Chabala, bambo amene ali ndi makina osemera zitsulo kuseri kwa msika. M'njira girisi anadontha n'kudetsa siketi ya mayi amene ndinakhala naye, ndipo ananditukwana mpaka potsikira. Ba Chabala anatenga chitsulo cha mano chija, nachipukuta, nachiyang'anitsitsa pa dzuwa.

"Shani, mayo, ichi chachoka ku miziyamu?" anaseka, atandilonjera mwachikwawo. Kenako anandiitana ndi chala. "Onani apa. Meno ya kumbali yonse yali monga ya manje manje. Yasila ni ya pakati chabe. Mwine wake uyu sanali kukhota, anali kuyenda chabe sitileti moyo wake onse."

Mawu amenewo anandikoma ngati andipatsa mphatso. Ndinati ndikawauza atate, ndikamuuzanso Ricky. Ba Chabala anati mano adzawadzaza ndi moto wowotcherera kenako n'kuwapala ndi tupa limodzilimodzi, ndipo bushi adzasema watsopano kuchokera ku mpopi wakale wamkuwa. Ntchito yake sinali yaikulu, vuto linali magetsi. Ndinkapita n'kupeza azima, ba Chabala atakhala pakhomo akudzikupiza ndi katoni. Ndinkabwerera ndikuyang'ana kumwamba njira yonse. Mitambo inkada kum'mawa, mphepo inkanunkha chinyezi, ndipo Ricky ankatumiza uthenga pafoni wa mawu awiri okha, "Vili bwanji?" Chakudya chinasiya kundikomera. Ndinkaopa kuti mvula igwa Kachiwala kali m'zidutswa pa thumba, Ricky n'kunena kuti nthawi yatha.

Pomaliza magetsi anakhalitsa tsiku lina, ndipo ndinabwera nazo zitsulo zikunyezimira. Ndodo yopita ku matayala ndinaipezera mitu ina kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto akufa, n'kuidula kuti ifanane. M'mawa mwake ndinayamba kumanga. Atate, amene masiku onsewa ankadutsa patali ngati Kachiwala ndi ka eni ake, anakoka kampando n'kukhala pafupi. Mtima wanga unatsika pang'ono. Ndinawapatsa bushi uja kuti aone. Sanamuyang'ane. Anamuzunguza m'zala, nalowetsa chala m'bowo, namugogoda pa dzino.

"Mukuwa wabwino," anatero.

Chitsulo cha mano anachitanso chimodzimodzi, kuyendetsa chala chachikulu pa dzino lililonse, nkhope ili kumwamba. Ndinawauza zimene ananena ba Chabala, za munthu amene sanali kukhota. Ndinkayembekeza kuti aseka. Anangoti, "Ehe," n'kundibwezera chitsulocho.

Ndili mkati momanga, nati inandipulumuka m'zala zagirisi, inagubuduka n'kukaima pafupi ndi chala cha phazi lawo. Pansi panali posesa bwino, dothi lofiira, nati yatsopano ikuwala ndi dzuwa. Mwana wokwawa akanaitola.

"Atate, nipaseniko iyo nati."

Anawerama. Dzanja lawo linapita kumanja, kutali, likupapasa dothi. Linabwerera, linadutsa pamwamba pa natiyo osaikhudza, linapita kumanzere. Maso awo anali otsegula, akuyang'ana pansi pomwepo. Ndinawayang'ana m'masomo, kuyang'ana kwenikweni, ndipo ndinaona kamtambo kotuwa pakati pa diso lililonse, kamene ndinali ndikukaona tsiku ndi tsiku n'kumati ndi mmene amakhalira maso a okalamba.

Zinthu zinayamba kubwera zokha m'mutu. Tiyi amene ankathira pambali pa kapu n'kunamizira tebulo. Buku la nyimbo limene anasiya kunyamula, ati zonse anaziloweza. Alendo amene ankawalonjera ndi dzina pokhapokha iwo atayamba kulankhula. Masipanala m'nkhokwe. Atate sankaopa manja anga. Chiwongolero chogwedera chija ndicho chinali chobisalira chawo, ndipo ine, ndi nzeru zanga zonse, ndinali nditachichotsa.

Ndinatambasula dzanja n'kutola natiyo ndekha.

"Naipeza," ndinatero.

"Ehe," anayankha.

Ndinapitiriza kumanga chifukwa panalibe china choti ndichite. Ndinalowetsa bushi, ndinapaka girisi, ndinalumanitsa kagiya ndi mano, ndinamanga ndodo, ndinayesa kuti matayala onse awiri aloze kutsogolo mofanana. Bawuti iliyonse imene ndinkalimbitsa inkandipweteka. Nditamaliza ndinakankha chiwongolero ndi chala chimodzi, matayala n'kutembenuka nthawi yomweyo, mwakachetechete. Sindinakonzepo chinthu bwino chotere chibadwire, ndipo sindinadanepo ndi ntchito ya manja anga ngati tsiku limenelo.

Ndikanatha kumuimbira Ricky n'kumuuza. Ndinaigwira foni kangapo. Koma kumuuza kunali kuwapereka ndekha atate, ndipo kukhala chete kunali kuwalola akwere Kachiwala kulunjika kumene kuli ngalande. Ndinkadzinamiza kuti mwina chulu, poti n'chachikulu, amachionabe. Ndinkayesa kuwafunsa mozungulira, iwo n'kuyamba nkhani ya mbewu.

Mvula inagwa pakati pa sabata, yamphamvu, yolowa pansi. M'mawa mwake inswa zinali ponseponse ndipo dothi linkanunkhira. Chaka chilichonse fungo limenelo limandisangalatsa, koma ulendo uno linandidwalitsa. Ricky anaimba kuti abwera Loweruka.

Loweruka m'mawa ndinatenga sipanala n'kupita pansi pa mango. Pansi pa chiwongolero pali nati imodzi imene ukaibweza pang'ono, kugwedera konse kumabwerera. Ndinagwada, ndinaikapo sipanala. Ndinkaganiza kuti mzere ukapindika ndidzati ntchito yandikanika, ba Chabala sanaseme bwino, tipatseni chaka china. Ricky akanandinyoza, koma kunyozedwa ndinakuzolowera. Kenako ndinaona m'maganizo atate ali pamsewu ndi zitini za mkaka, osaona, chiwongolero chosamvera, minibasi ikubwera. Dzanja linangouma pa sipanalapo, osabweza, osachotsa.

"Towela."

Atate anali ataima pakhonde. Sakanatha kundiona bwino pamene ndinali, koma kulira kwa sipanala pa nati amakudziwa ngati mawu a mwana wawo.

"Uchita chani?"

"Niyanganako chabe."

"Chokapo. Vamene wamanga, wamanga."

Ricky anafika dzuwa litakwera pang'ono, atavala shati yoyera ya ku ofesi ngati akupita ku ukwati, nsapato zake zikumira m'matope. Anagwira chiwongolero, nachikankha, nayang'ana matayala, n'kundiyang'ana ine modabwa. Sananene kuti ndachita bwino, koma ndinaona. Ndinamangirira khasu la Kachiwala kumbuyo. Atate anatuluka atavala ovolosi yawo yakale ndi chipewa, nakulunga chingwe pa injini, nakoka kamodzi. Kachiwala kanatsokomola, kanatulutsa utsi, n'kuyamba kulira bwinobwino. Anakwera, nakhazikika pampando wachitsulo uja, nakweza mutu kuyang'ana kumene kuli chulu. Ine ndinaima pambali pa Ricky, manja ndili nditapinda pachifuwa.

Poyambira zinayenda. Khasu linalowa, dothi lofiira linatembenuka, mzere unatuluka wowongoka. Ndinayamba kupemphera chamumtima, pemphero losalongosoka, longoti chonde, chonde. Atafika cha pakati pa munda, Kachiwala kanayamba kutsamira kumanzere. Pang'ono pokha poyamba, moti ndinati mwina ndi maso anga. Kenako kanapitiriza. Atate anali atakhala mowongoka, mutu uli m'mwamba, manja osagwedezeka, akulunjika molimba mtima pamalo pamene panalibe chulu. Chulu chinatsala kumanja. Kutsogolo kwawo kunali ngalande, yodzaza ndi madzi a mvula ija.

Sindikumbuka kuti ndinayamba liti kuthamanga. Ndinataya patapata m'matope, ndikukuwa, "Atate, imani! Imani!" Injini inkaphimba mawu anga. Ricky anandipitirira, mimba ili patsogolo, akukuwa nayenso. Atate anamva, naponda, Kachiwala n'kuima. Kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika pamphepete pa ngalande, munthu akanangotambasula mwendo.

Anazimitsa injini. Kunangoti zii, kupatula madzi oyenda m'ngalandemo ndi kupuma kwathu. Ine ndi Ricky tinatembenuka kuyang'ana kumbuyo. Mzere unali utapindika ngati chikwakwa, woonekera kwa aliyense wodutsa pamsewu.

Ndinkayembekeza kuti Ricky anena kuti mwaona, ndinanena. Sanatero. Anayang'ana atate, anayang'ana ngalande, kenako anatembenukira kwa ine.

"Towela," anatero motsitsa mawu, "kapena sunamange bwino. Kapena ikali na vuto sitelingi."

Ndinamvetsa zimene ankachita. Munthu amene anabwera kudzawatenga ndiye amene ankawatsegulira khomo lothawira. Ndinalumphira pomwepo.

"Ni zoona. Nine. Pali nati imozi pansi apa, sininaimange bwino. Nizamasula futi, atate, nipaseni chabe nthawi."

Atate anaika chala chimodzi pa chiwongolero, nakankha kumanja, matayala n'kutembenuka m'matopemo. Anakankha kumanzere, matayala n'kubwerera.

"Osamunamizira mwana," anatero. "Na iwe Towela, osazinamizira. Sitelingi iyi sinankhalepo bwino so, olo pamene ninaipeza ku famu. Ni maso. Chulu chija siniona. Nakhala zaka siniona."

"Manje munali kulima bwanji?" anafunsa Ricky.

"Amai anu." Anavula chipewa, nachiika pabondo. "Voyera niona pang'ono, monga kanyali patali. Anali kuimirira kuja na beseni, nikasiliza muzere asendera. Sitinakambepo, olo siku imozi. Anaziba chabe."

Ndinakhala pansi m'matope momwemo. Ndiwo zija, timasamba tosadzaza dzanja tija, ndi ine kumawaseka mayi wokalamba ataima padzuwa. Ndinalira mokweza, kulira kumene sindinalire ngakhale pamaliro awo. Ricky anatembenukira kumsewu, akupukuta kumaso ndi mkono.

Patapita kanthawi atate anavalanso chipewa.

"Nizapita, Ricky. Tinapangana. Unipeleke na ku chipatala cha maso, tikamve vamene bazakamba." Anapuma. "Koma siningasiye muzere wa so pamunda panga. Banthu ba mu minibasi bazakamba chani?"

Ricky anayamba kuyenda kulowera ku chulu, nsapato zikutsalira m'matope, mpaka anazivula n'kuzisiya. Anakwera pachulupo, anamasula mabatani, anavula shati yoyera ija n'kuitambasula pamwamba pa mutu ndi manja awiri. Bwana wa ku Silverest, chimimba pamtunda, ataima pachulu. Tsiku lina lililonse ndikanaseka mpaka kugwa.

Ine ndinakankha Kachiwala kubwerera kumbuyo, ndinawatsogolera atate mpaka poyambira munda, ndinawalozetsa matayala. Anakoka chingwe, injini inalira. Anakweza mutu, anasinzinitsa maso, anafunafuna, kenako nkhope yawo inakhazikika.

"Namuona," anatero.

Ananyamuka. Sindinathamange pambali pawo, ndinangoima kumbuyo n'kumayang'ana dothi likutembenuka. Manja awo sankapukusanso chiwongolero uku ndi uku ngati kale, ankangochigwira mopepuka. Mzere unatuluka kuchokera pamapazi anga, unadula wopindika uja pakati, unapitirira osatsamira mbali iliyonse mpaka patsinde pa chulu pamene panali Ricky. Pamsewu panadutsa minibasi, ndipo ndinaona mitu pawindo.

Nditafika kumeneko atate anali atazimitsa kale injini. Anatsika pang'onopang'ono, akugwira nthiti. Anasisita chiwongolero ndi chikhatho, kenako anapapasa mpaka kupeza dzanja langa, naikamo chingwe cholizira Kachiwala, n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Wakonza bwino, mama," anatero.

Masana omwewo ndinawalongedzera zovala m'chikwama, ndipo Ricky anawatsegulira chitseko chakutsogolo cha galimoto. Munda wotsalawo ndinalima ndekha mawa lake, kuyambira pa mzere wawo uja.